Mayuro makumi atatu

Loweruka m'mamawa ku Porto,
nkhungu isanachoke pa mtsinje wa Douro,
ndinatsika basi nditafumbata mayuro makumi atatu,
thukuta la milungu isanu
yotsuka mbale kuseri kwa lesitilanti ya bambo Adérito
komwe sopo wandikalambitsa manja mwiniwake ndisanakalambe.

Benedita wanga ayamba ntchito Lolemba.
Ofesi ya maloya, nsanjika yachinayi.
Sangakwere kumeneko ndi jumbo m'manja
ngati wopita kokagula nsomba.

Patebulo loyamba zikwama zinkawala
ngati zangovuulidwa m'madzi.
Mnyamata wa magalasi akuda anati,
"Mayi, ichi n'chochokera ku Paris, onani dzinali."
Dzinalo ndinaliona. Ndinanunkhizanso:
guluu ndi pulasitiki basi.
Nditakanda pakona ndi chikhadabo
khungu lake linasupuka ngati la mbatata yophika.
Chikomekome cha nkhuyu, ndinatero mumtima,
n'kumusiya akutukwana chapansipansi.

Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi wogulitsa mawotchi akufa,
mayi Ermelinda anali atayala katundu pabulangete.
Sankaitana munthu. Ankasenda lalanje.
Pakati pa nsapato zopanda zinzake ndi mafelemu opanda zithunzi
panagona chikwama chofiirira,
chophwanyika mbali imodzi
pomwe chigongono cha wina chinatsamira kwa zaka.

Ndinachinyamula. Chinali ndi kulemera kwa chinthu chenicheni.
Ndinayendetsa chala mumsoko,
ulusi uli ndondondo, palibe wodumpha mnzake.
Ndinakoka lamba ngati ndikufuna kumudula,
sanadandaule.
Mphete zake zamkuwa zinali zitada, koma zopanda dzimbiri.
Ndinalowetsa mphuno m'kati:
chikopa, timbewu tonunkhira, ndi kabati yotsekedwa nthawi yaitali.

Zipi yokha ndiyo inakana, inaima pakati
ngati bulu woona mlatho.

"Makumi anayi ndi asanu," anatero osadzutsa mutu.
Ndinamuonetsa zipiyo. Anatafuna lalanje.
Ndinamuonetsa banga la inki pansalu ya m'kati,
lalikulu ngati chala chamanthu.
Apo ndiye anandiyang'ana.

"Cholembera cha Otília chimenecho.
Mkulu wanga. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ku positi ofesi,
chikwama chomwechi, dzuwa kaya mvula.
Anachigula ndi malipiro ake oyamba,
bambo athu sanamulankhule mwezi wathunthu."

Ndinachita manyazi ndi chala changa
chomwe chinali chikulozabe bangalo.
Koma manyazi sagula kanthu.
Ndinatambasula chikhatho, ndalama zitanyowa,
n'kunena za Benedita, za Lolemba, za nsanjika yachinayi.

Anawerenga kawiri, milomo ikugwedera.
Anatenga zonse. Kenako anandibwezera mayuro awiri.
"A basi. Zipiyo mukaipake kandulo.
Ndipo asamachiike pansi, ndalama zimathawa."

Usiku ndinachipukuta ndi kansalu konyowa,
n'kuchipaka polishi wa nsapato za malemu mwamuna wanga.
Kandulo anagwiradi ntchito:
zipi inayenda ngati yapepesedwa.
M'kathumba kobisika ndinapeza tikiti yakale ya sitima
ndi phini wa tsitsi wopindika.
Tikitiyo ndinataya, kenako ndinakaitolanso.

Lolemba Benedita anachitembenuza uku ndi uku.
"Amayi, n'chakale."
"Eya, n'chakale."
Anaikamo makiyi, foni, sangweji yokulunga m'pepala,
n'kuchikoleka paphewa chonyinyirika.
Ndinasuzumira pawindo akutsika msewu wathu wamiyala.
Asanafike pakona pa ogulitsa buledi
chigongono chake chinali chitapeza kale
malo aja ophwanyika.

Ine ndinatenga epuloni.
Mbale za dzulo sizidzitsuka zokha.